Kubweza makilogalamu a thonje mu PostgreSQL UPDATE itafufuta zonse

Ku ofesi ina ya alimi a thonje ku Ngabu, mu PostgreSQL (pulogalamu yosungira deta), UPDATE (lamulo losintha zolembedwa) inayendetsedwa popanda WHERE (mawu osankha mizere yoti isinthidwe), ndipo makilogalamu a mlimi aliyense anasanduka 0. ROLLBACK (lamulo lobweza zosintha) sikanathandiza, chifukwa COMMIT (lamulo lotsimikiza zosinthazo) inali itadutsa kale.

Mwayi unali woti archive_mode inali yoyatsa, choncho mafayilo a WAL, omwe amalemba kusintha kulikonse kwa deta, ankasungidwa pa disiki ina. Seva yeniyeni sitinaikhudze. Makalaliki anapitiriza kulemba thonje la tsikulo. Backup (kope la deta yonse) ya pg_basebackup ya usiku wathawo tinaitsegula pa kompyuta ina, archive_mode titazimitsa kuti isasokoneze WAL yosungidwayo. Tinalemba restore_command (lamulo lokatenga mafayilo a WAL aja), n'kuika recovery_target_time (nthawi yoti kubwezako kuimire) pa mphindi imodzi vutolo lisanachitike, kenako fayilo yopanda kanthu ya recovery.signal, yomwe imauza seva kuti iyambe kubweza. Kuyambira PostgreSQL 12, fayilo yakale ya recovery.conf kulibenso.

Pa nthawi m'pamene ambiri amagwera. Malawi ali pa UTC+2 (maola 2 patsogolo pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo), pomwe maseva ambiri amayendera UTC. Mukalemba 10:14 osaonjezera +02, seva yotere imapitirira ndi maola 2, n'kukubwezerani maziro omwe aja.

Seva ya pa kompyuta ina ija itaima pa nthawi tinaikayo, tinayang'ana tebulo, kulitulutsa ndi pg_dump -t, n'kulilowetsa mu seva yeniyeni ndi dzina lina. Tinabweza makilogalamu okha potsata nambala ya mlimi, choncho zolembedwa masanawo sizinatayike.