Momwe mungazindikirire mwala wochokera mumlengalenga

Miyala yambiri imene anthu amatola poganiza kuti yagwa kuchokera kumwamba imakhala ya pansi pompano. Choncho yambani ndi kufufuza zifukwa zoukanira mwalawo. Zikasowa, m'pamene mungaganize zoti ndi meteorite, dzina la mwala wochokera mumlengalenga.

Choyamba, onani kunja kwake. Mwala ukamadutsa mumpweya pa liwiro loopsa, pamwamba pake pamasungunuka n'kusiya khungu lakuda, lopyapyala pafupifupi milimita imodzi. Ukakhalitsa panthaka, khungulo limafiirira ndi dzimbiri. Ina imakhala ndi timaenje tosazama, ngati munthu anadinda chala padongo lofewa. Koma mukaona tizibowo ta thovu, usiyeni. Zimenezo ndi zotsalira posungunula chitsulo kapena chiphalaphala chouma cha phiri lophulika, ndipo zapusitsa anthu ambiri.

Kenako unyamuleni. Uyenera kulemera kuposa mwala wamba wofanana nawo kukula. Mangirirani maginito pachingwe n'kuyandikizitsa. Ma meteorite ambiri amaikoka. Musafulumire kusangalala, chifukwa magnetite, mwala wa pansi pano, nayonso imatero. Khwekhwerezani mwalawo kumsana kwa tailosi. Mzere wakuda ukusonyeza magnetite, wofiirira hematite, mwala winanso wa pansi pano, pomwe meteorite sisiya mzere woonekera bwino.

Tsopano palani kamalo kakang'ono ndi tupa kuti muone mkati, pakuti gulu la mwalawo limadziwikira pamenepa. Tizitsulo tonyezimira tomwazikana, pamodzi ndi timibulu tozungulira ta pafupifupi milimita imodzi, ndi chizindikiro cha chondrite, mtundu umene umagwa kawirikawiri kuposa ina yonse. Mkati mukakhala chitsulo chokhachokha, ndi gulu lachitsulo, lomwe akalidula n'kulithira asidi nthawi zambiri limaonetsa mizere yopingasana yotchedwa Widmanstätten. Hoba, mwala wa matani pafupifupi 60 umene unapezeka pafupi ndi Grootfontein ku Namibia mu 1920, ndi wachitsulo, ngakhale kuti mizereyi ulibe. Gulu lachitatu ndi losowa: chitsulo chosakanikirana ndi mwala, monga pallasite yokhala ndi timiyala tobiriwira ta olivine. Ma meteorite ochokera kumwezi ndi ku Mars ndi ovuta, chifukwa sakoka maginito kwenikweni ndipo timibulu tija alibe.

Musautsuke kapena kuuphwanya wonse. Ujambuleni mbali zonse, lembani malo enieni amene mwaupeza, ndipo tumizani kachidutswa kwa akatswiri a miyala kuyunivesite kuti akayeze nickel, mtundu wina wa chitsulo umene umapezeka m'chitsulo cha meteorite. Akautsimikiza, umapatsidwa dzina la dera limene unapezeka.