Mitengo munadzala, nanga njira zotchinga moto?

Chilimwe chino nkhalango zingapo za m'midzi zasanduka phulusa, ndipo paliponse pomwe ndafika vuto ndi lomwelo: makomiti oyang'anira zachilengedwe achedwa kulambula njira zotchinga moto. Ena anagwira makasu mu Seputembala, utsi ukufuka kale kuphiri. Nthawi imeneyo udzu wauma gwa, mphepo ikuomba, ndipo moto umangolumpha kanjira kopapatiza komwe mwalambula mothamanga.

Chaka ndi chaka, nyengo yodzala mitengo yomwe Dipatimenti ya Zankhalango imatsogolera kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timasonkhana mwaunyinji, mafumu alankhula, mbande zilowa m'maenje. Mvula ikasiya, aliyense ali kumunda kwake, nkhalango yasiyidwa yokha. Chizolowezi chimenechi chanditopetsa. Tikuwerenga mbande zodzalidwa m'malo mowerenga zomwe zapulumuka pofika Novembala.

Pitani mukaone pomwe padutsa moto wa mu Okutobala. Mbande za chaka chatha zatsala timitengo takuda. Chopweteka koposa ndi mphukira za mombo ndi masuku zomwe zimatuluka pazitsa popanda munthu kudzala. Mitengo yachilengedwe imeneyi imachedwa kukula ikadali yaing'ono, choncho moto umodzi umabwezera m'mbuyo ntchito ya zaka zingapo. Zinyalala zomwe zimaphimba nthaka zapsa, ndiye mvula yoyamba ikagwa dothi lonse likokolokera kumtsinje. Musaganize kuti ndi nkhani ya mudzi wanu wokha. Madzi omwe anthu amamwa mumzinda wa Lilongwe amachokera kunkhalango ya Dzalanyama, ndipo matope odzadza mu Shire amasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula.

Bambo wina woweta njuchi anandionetsa ming'oma yake itapserera pamitengo, sera itasungunuka n'kutsikira pakhungwa. Anati, "Alangizi, anyamata amangosaka mbewa, sanafune kutentha nkhalango." Zoona, sanafune. Koma ming'omayo inali pakati pa udzu wofika m'chiuno, ndipo panalibe yemwe anapalira mozungulira. Ankayembekeza kuti fizi ya mwana ichokera mu uchi womwewo.

Tisaiwalenso kuti lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 zilango n'kukhwimitsidwa, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa za boma. Moto wochokera m'munda mwanu ukalowa kumeneko, mlandu ndi wanu.

Chaka chamawa lambulani njirazo mu Meyi kapena Juni, zikhale zotakasuka, udzu wosadzulidwa usatsale, ndipo zolambulazo muzichotse, osaziunjika m'mbali. Palirani mozungulira mbande ndi pansi pa ming'oma. Ngati mukufuna kutentha udzu msanga, usanaumitsitse, yambani mwakambirana ndi mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu, ndipo tenthani m'mawa kapena madzulo kukakhala bata, anthu okwanira alipo ndi nthambi zaziwisi zozimitsira. Amfumu aike anthu olondera mosinthana kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa.