Momwe mungamangire kasiteshoni ka sitima kofanana ndi kenikeni, mpaka pawindo la matikiti

Amene tinakula tikupinda magalimoto a mawaya timadziwa kuti mlandu sunkakhala pa kuyenda kwa galimotoyo. Unkabuka mnzako akaiyang'ana n'kunena kuti, "Imeneyi si Bedford, mphuno yake sikhala chonchi." Anthu omanga tinjanji ndi tisitima tating'ono m'nyumba amakangananso chimodzimodzi, kungoti iwo amakangana atagwira rula. Kasitima kongozungulira patebulo aliyense angagule. Ntchito yeniyeni ndi yakuti munthu amene anakwerapo sitima pa Balaka akaona chomwe mwamangacho anene yekha, musanamuuze, kuti apa ndi pa Balaka.

1. Sankhani siteshoni imodzi ndi chaka chimodzi

Musayambe ndi kugula kanthu. Tengani kope, mulembe dzina la siteshoni ndi chaka. Zonse zotsatira zidzachokera pa mizere iwiri imeneyi.

Chaka n'chofunika chifukwa njanji yathu sinabadwe tsiku limodzi. Yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Ya ku Salima inatsegulidwa mu 1935, chaka chomwenso mlatho wa Dona Ana unayamba kuwolotsa sitima pa Zambezi. Yochoka pa Nkaya kudutsa ku Liwonde mpaka ku Nayuchi ndi ya mu 1970, ndipo ku Lilongwe njanji inafika mu 1979. Madzi anadula njanji cha ku Chiromo mu 1997, kampani ya Central East African Railways (CEAR) inatenga ntchito yoyendetsa sitima mu 1999, pomwe sitima zazitali za malasha a ku Moatize, ku Mozambique, ndi za posachedwapa, chaka cha 2010 chitadutsa kale. Ndiye ngati mwalemba kuti "Liwonde, 1985", bogi ya malasha a ku Moatize isaoneke pathebulo lanu, ngakhale ikhale yokongola chotani.

Kwa woyamba kumene ndingalangize kasiteshoni kakumudzi kokhala ndi njanji ziwiri, ina yodutsa ina yopatukirapo. Limbe ndi yokopa, koma ili ndi njanji zambiri ndi mashedi okonzera sitima. Mudzatopa musanafike pakati.

2. Pezani muyeso woyenera njanji yathu

Apa ndi pomwe ambiri amagwera, choncho ndichedwapo.

Njanji ya ku Malawi, monganso ya ku Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi ya ku Nacala, ndi yotalikirana mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo. Ya ku Britain ndi maiko ambiri a ku Ulaya ndi 1,435. Tisitima tambiri togulitsidwa m'masitolo tinapangidwa motengera njanji yotakatayo. Muyeso wotchuka kwambiri, wa HO, umachepetsa chilichonse ka 87, ndipo kanjanji kake ndi kotalikirana mamilimita 16.5. Chulukitsani 16.5 ndi 87, mupeza 1,435. Kutanthauza kuti mukaika kasitima ka HO pa kanjanji ka HO n'kulemba kuti Malawi Railways pambali, mwamanga sitima yathu pa njanji ya eni ake. Imaoneka ngati munthu woima chotangadza.

Njira zothetsera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusunga muyeso wa 87 koma kugula kanjanji kopapatiza ka mamilimita 12, poti 1,067 kugawa ndi 87 ndi 12.3. Vuto lake n'lakuti kanjanji kameneka n'kosowa kuno. Yachiwiri, yomwe ine ndimatsata, ndi kusunga kanjanji wamba ka 16.5 koma kumanga china chilichonse pa muyeso wa 64. Mukagawa 1,067 ndi 64 mupeza 16.7, kusiyana komwe diso silingaone. Muyeso umenewu amautcha Sn3½, ndipo anthu ambiri a ku New Zealand, komwe njanji yawo ndi yofanana ndi yathu, ndiwo amagwiritsa ntchito. Ubwino wake ndi wakuti njanji, mateyala ndi mota mumagula zotchipa za HO kapena OO (muyeso wa ku Britain woyendanso pa kanjanji ka 16.5), zakale zomwe, pomwe thupi la sitima, mabogi ndi nyumba mumapanga nokha. Zimakhalanso zokulirapo, zosavutitsa zala.

Lamulo lake ndi limodzi: chilichonse chomwe mwayeza, gawani ndi 64. Munthu wa mita 1.7 akhala mamilimita 27. Chitseko cha mamita 2.1 chikhala 33. Kontena yaifupi ija, ya mamita 6.06, ikhala mamilimita 95 m'litali ndi 38 m'lifupi. Mlambe wa mamita 15 ukhala masentimita 23. Lembani manambalawa pakhoma pomwe mukugwirira ntchito.

Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Britain, mutumeni njanji za kampani ya Peco kapena Hornby ndi mutu wa sitima wakale woyendera magetsi a 12 voti. Mumuuze asagule za Märklin za HO, chifukwa magetsi ake amayenda mwa njira ina ndipo sizigwirizana ndi zinazo. Angapezenso tisitima takale ta Lima topentedwa ngati ta ku South Africa. N'tabwino kusewera nato, koma ndi ta muyeso wa 87 pa njanji ya 16.5, vuto lomwe lija.

3. Pitani kusiteshoni mukaone ndi maso

Yambani mwapita ku ofesi kukapereka moni ndi kufotokoza chomwe mwabwerera. Munthu wongofika n'kuyamba kujambula njanji amakayikitsa, ndipo n'zomveka. Musaime pakati pa njanji, musalowe kunsi kwa mabogi.

Tengani ndodo ya mita imodzi yopentedwa zoyera. Iimikeni pakhoma pa chithunzi chilichonse chomwe mukujambula, kuti kunyumba mukawerengere kutalika kwa khoma, windo ndi denga. Jambulani molunjika, osati chammbali. Ngati khoma ndi la njerwa zoonekera, werengani mizere yake. Onani mitanda yomwe njanji yagonapo: ndi yakonkire kapena yachitsulo? Werengani kuti ilipo ingati pa mamita 10. Mitanda ya njanji zogula za HO imakhala yaing'ono ndi yothinana pa muyeso wa 64, ndiye ena amadula pulasitiki yolumikiza kunsi, kuchotsa mitanda ina n'kutalikitsa yotsalayo. Ndi ntchito yotopetsa, koma imasintha maonekedwe kwambiri.

Yang'aninso kumapeto kwa bogi. Mabogi akale a ku Britain ali ndi zitsulo ziwiri zozungulira zogundanirana, china kumanzere china kumanja. Athu ali ndi cholumikizira chimodzi pakati. Mukagula bogi ya Hornby kuti mutengeko mateyala, zitsulo ziwirizo zichoke.

Ofuna nthawi ya sitima zamoto ali ndi mwayi: ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mu Blantyre kuli mutu wa sitima wakale woima panja, womwe mungauzungulire ndi tepi mutapempha chilolezo.

Kutalika kwa siteshoni yonse mungakuyeze pa Google Maps. Mudzadzidzimuka. Njanji yopatukira ya mamita 500 ikufuna pafupifupi mamita 8 m'nyumba. Palibe amene ali ndi chipinda chotero, choncho fupikitsani utali wa njanji ndi chiwerengero cha mabogi, koma musachepetse nyumba, zitseko kapena anthu.

4. Konzani thabwa ndi kuyala njanji

Dulitsani pulaiwudi ya mamilimita 9 kuti ikhale mamita 2.4 m'litali ndi masentimita 45 kapena 60 m'lifupi, muikhomere pa felemu ya timatabwa. Pentani mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe. Mukapenta pamwamba pokha, dzinja likafika thabwa lidzapindika ngati chikopa chouma, njanji n'kutukuka. Musaligunditse kukhoma komwe kumadutsa chiswe.

Yalani njanji osamata kaye. Lumikizani magetsi, muyendetse mutu wa sitima kupita ndi kubwerera kambirimbiri, makamaka polekanira njanji. Pokhapokha ikamadutsa osagwa ndi pomwe mungamate.

Miyala yapansi pa njanji ndi mchenga wosefa. Apa ndinaphunzira mowawa. Ndinatapa mchenga wakuda kumtsinje, ndinauthira bwinobwino, ndipo patatha masiku awiri mota inayamba kulira ngati chigayo kenaka n'kuima. Nditaitsegula ndinapeza tizitsulo ta mumchenga tadzadza pa maginito ake. Tsopano mchenga uliwonse ndimayamba ndautsuka, kuuyanika, kuusefa ndi sefa ya ufa, kenaka kudutsamo maginito a sipika yakale nditawakulunga m'pepala la pulasitiki. Mukauyala ndi kaburashi, sakanizani guluu woyera wa akalipentala ndi madzi muyeso wofanana, donthezanimo sopo wotsukira mbale pang'ono, ndipo muthire ndi sirinji. Samalani kuti guluu asalowe polekanira njanji. Ukauma, pukutani pamwamba pa zitsulo mpaka ziwale, poti magetsi amadutsa pamenepo.

5. Nyumba, dothi ndi anthu

Makoma dulani pa katoni yolimba, mawindo muwaboole musanamate. Malata amapangika ndi chitsulo chofewa cha zitini za zakumwa: chitambasuleni, chigonekeni pa chinthu cha mizeremizere, mukande ndi cholembera chotha inki. Mizere ya malata enieni imatalikirana pafupifupi mamilimita 76, ndiye pano ikhale yopitirira pang'ono milimita imodzi. Dothi likhale la komweko. Ngati siteshoni yanu ili pa katondo, katapeni katondo weniweni, mumuwotche pa chiwaya kuti tizilombo tife, mumusefe. Mitengo ndi mawaya opota monga tinkachitira kale, masamba ake siponji yonyenyanyenya yoviika mu penti.

Zinthu zisawale ngati zatsopano. Sitima yogwira ntchito imakhala ndi fumbi kunsi, mwaye padenga, dzimbiri m'makona. Choko chopera chopaka ndi burashi youma chimakwanira.

Ndipo musasiye siteshoni ili zii. Tianthu togula m'masitolo timabwera titavala majekete a chisanu cha ku Ulaya. Siteshoni yathu imafuna mayi wa chitenje atasenza lichero la nthochi pafupi ndi windo la bogi, matumba a chimanga ndi makala ataunjikidwa, njinga ya kabaza itatsamira mtengo wa mango, mbuzi ikudya m'mbali mwa njanji. Matumba mungaumbe ndi sopo kapena dongo, zitenje ndi tizidutswa ta pepala lopyapyala lopentedwa.

6. Windo la matikiti, ndi matikiti ake

Pa nyumba yonse ya siteshoni, malo omwe anthu amawakumbukira kwambiri ndi pawindo logulira matikiti, chifukwa aliyense anaimapo pamzere. Lipatseni nthawi. Yezani kuti lili patali bwanji kuchokera pansi, onani ngati lili ndi zitsulo zotchinga, kashelefu kolandirirapo ndalama, ndi bolodi la mitengo pambali. Zitsulozo pangani ndi tinthambo ta mkati mwa waya wa magetsi. Mkati muikemo kalaliki atakhala, ndi kababu kamodzi ka LED kuti aoneke.

Tikiti yeniyeni simungaichepetse. Tikiti yakale ya katoni yomwe njanji za ku Britain ndi maiko ambiri zinkagwiritsa ntchito inayambitsidwa ndi Thomas Edmondson, mkulu wa kasiteshoni kena kumpoto kwa England, m'zaka za m'ma 1830. Kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 57 ndi 31. Nzeru yake inali yakuti tikiti iliyonse isindikizidwiretu ndi nambala yakeyake motsatana, ndipo tsiku lidindidwe pogula, kuti madzulo kalaliki angoona nambala yoyamba ndi yomaliza n'kudziwa ndalama zomwe ziyenera kukhala m'kabati. Kampani ya njanji ya ku Britain, British Rail, inasiya matikiti amenewa mu 1990. Mukagawa 57 ndi 64 mupeza kanthu kosafika milimita imodzi, kongofanana ndi kachitsotso.

Choncho pangani matikiti a kukula kwenikweni, oti alendo odzaona njanji yanu azigwira m'manja. Dulani katoni ya mabokosi a tiyi pa 57 ndi 31. Lembani pa kompyuta dzina la kampani ya njanji pamwamba, siteshoni yonyamukira ndi yotsikira pakati, kalasi, mtengo, ndi nambala ya madijiti anayi kumapeto. Sindikizani, matani, dulani. Gulani chidindo cha madeti m'sitolo ya zolembera ndi chiboolero cha mapepala. Mlendo akafika agule tikiti, mumudindire, ndipo sitima isanyamuke mpaka mwana amene mwamuika ukondakitala ataiboola.

Kope lija la chaka libwererenso pano, chifukwa tikiti imaulula bodza msanga kuposa bogi. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, ndiye tikiti ya 1968 ikhale ya mashiling'i ndi mapeni, ndipo singalembedwe kuti Nayuchi poti njanjiyo kunalibe. Ya kumapeto kwa nthawi ya atsamunda ilembedwe Nyasaland Railways ndi Port Herald, osati Malawi Railways ndi Nsanje. Ya 2005 ikhale ya CEAR. Mtengo musaupeke. Funsani achikulire amene ankakwera kapena kugwira ntchito kunjanji, ndipo mudzadabwa kuti ena akusungabe tikiti yakale m'Baibulo kapena m'sutikesi. Ngati mwasankha zaka zino, funsani kusiteshoni tsiku lomwe sitima ya anthu inyamuke, mugule tikiti yanu, mukwere mpaka siteshoni yomwe mukumangayo. Mukhale mbali ya windo, kope lili pamwendo, ndipo potsika tikitiyo muisunge bwino kuti mukaijambule kunyumba.