Kugula mosamala m'sitolo yaing'ono ya zakudya zolimidwa mwachilengedwe

Sitolo yaing'ono yogulitsa zakudya zolimidwa mwachilengedwe, pamodzi ndi zakudya zina zapamwamba monga tchizi, mafuta a olivi, khofi ndi uchi, ili ndi ubwino umodzi umene masitolo akuluakulu alibe. Kawirikawiri munthu amene akukugulitsani ndi yemweyo amene anakapikula katunduyo, choncho angathe kukuuzani munda umene ndiwo zamasamba zachokera ndiponso tsiku limene zinathyoledwa. Mwayi umenewu muziugwiritsa ntchito, chifukwa phwetekere wolimidwa ndi manyowa ndi wina wolimidwa ndi feteleza amafiira chimodzimodzi, ndipo ngakhale ife alangizi sitingawasiyanitse pongowaona. Ndalama yoonjezera imene mukulipira ndi ya kalimidwe kamene simunakaone ndi maso anu, motero ndi bwino kufunsa musanapise dzanja m'thumba.

Mawu a Chingerezi akuti organic, amene amalembedwa pa zakudya zolimidwa mwachilengedwe, amanena za mmene mbewu yalimidwira kapena mmene chiweto chaleredwera. Mlimi wotsata njira imeneyi sagwiritsa ntchito feteleza wa kufakitale, mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi udzu, kapena mbewu zosinthidwa chibadwa, koma amadalira manyowa, kompositi ndi kasinthasintha wa mbewu. Bungwe la IFOAM, limene linakhazikitsidwa ku France mu 1972, ndi limene limagwirizanitsa alimi otere padziko lonse, koma malamulo enieni a ulimi umenewu amaikidwa ndi maboma. Ku United States, munda uyenera kukhala zaka 3 osathiridwa mankhwala oletsedwa mbewu zake zisanayambe kugulitsidwa ndi dzina limeneli, ndipo chakudya chosakaniza chimaloledwa kukhala ndi chizindikiro cha boma cha USDA Organic pokhapokha ngati magawo 95 pa 100 alionse a zimene zilimo ndi zolimidwa mwa njira imeneyi. Maiko a European Union ali ndi chizindikiro chawo cha tsamba lopangidwa ndi nyenyezi pamalo obiriwira, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2010. Mukatenga paketi, itembenuzeni ndi kufufuza chizindikiro chotere pamodzi ndi dzina kapena nambala ya bungwe limene linayendera mundawo. Chithunzi cha ng'ombe ili pa msipu, pepala la khaki, kapena mawu onga natural, ndi zokometsera malonda chabe, sizitsimikiza kanthu za kalimidwe.

Komabe musafulumire kukana katundu yense amene alibe chizindikiro. Kuti mlimi apeze satifiketi amalipira ndalama zambiri chaka ndi chaka, ndipo alimi ang'onoang'ono ochuluka amene amalima mokhulupirika sangakwanitse. M'maiko ena, monga Brazil ndi India, alimi amapanga magulu oyenderana minda okhaokha ndi kuchitirana umboni, njira imene imadziwika ndi dzina lakuti PGS. Apa ndi pamene mwini sitolo ayenera kukuthandizani. Mufunseni kuti mlimiyo ndani, amathira chiyani m'munda mwake, ndipo nsabwe za m'masamba zikagwa amachita nazo bwanji. Amene anafikako kumunda amayankha mosajejema, mwinanso kukuuzani kuti sabata ino kabichi kulibe chifukwa mbozi zinamuononga. Ine yankho lotere ndimalikhulupirira kuposa la munthu amene sitolo yake ili ndi chilichonse chaka chonse, pakuti ulimi weniweni uli ndi nyengo zake.

Pali chinthu china chimene ogula ambiri amalakwitsa, ndicho kuganiza kuti chakudya cholimidwa mwachilengedwe sichifunika kutsuka. Malamulo a ulimi umenewu amalola mankhwala ena, monga a kopa oletsa chiwawu ndi a pyrethrum ochokera ku maluwa, ndiponso manyowa a ziweto osawola bwino amanyamula tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. N'chifukwa chake lamulo la ku United States limati manyowa osawola athiridwe kukadali masiku 120 kuti mbewu ikololedwe ngati gawo lodyedwa limakhudza dothi. Mu 2011, ku Germany kunabuka matenda a m'mimba oyambitsidwa ndi tizilombo ta E. coli amene anapha anthu oposa 50, ndipo gwero lake linapezeka kuti linali mphukira za njere zochokera pa famu ina yolima mwachilengedwe. Tsukani ndiwo zamasamba ndi zipatso zonse ndi madzi oyera oyenda, tsamba limodzilimodzi, makamaka zimene mudye zosaphika. Za michere nazo musayembekezere zodabwitsa, popeza akatswiri a pa Stanford University, ataunika kafukufuku wochuluka mu 2012, anapeza kuti zakudya zotere zimakhala ndi zotsalira za mankhwala zochepa, koma sanapeze umboni wamphamvu wakuti zimaposa zinazo pa mavitamini.

Posankha ndiwo ndi zipatso, kabowo ka mbozi pa tsamba kapena karoti wopindika zisakudetseni nkhawa. Choyenera kuyang'ana ndi pamene panadulidwa phesi: pakakhala ponyowa ndi poyera ndiye kuti ndiwozo n'zatsopano, koma pakauma, kuda kapena kuterera, zagona masiku ngakhale aziwaze madzi kuti zioneke zanthete. Nyamulani zipatso zapamwamba m'dengu kuti muone zapansi, chifukwa kuwola kumayambira kumeneko. Dziwaninso tsiku limene katundu amafika m'sitoloyo ndipo muzigula pang'onopang'ono, zokwanira masiku awiri kapena atatu, pakuti chakudya chodula chikaonongekera m'nyumba mwataya kawiri.

Masitolo ambiri otere amagulitsa mpunga, nyemba, ufa, mtedza ndi zipatso zouma poyeza pa sikelo kuchokera m'zotengera zazikulu. Njira imeneyi ndi yabwino chifukwa mumagula mlingo umene mukufuna, koma popeza mbewuzi sizithiridwa mankhwala osungira, anankafumbwe sachedwa kulowa. Onani ngati pansi pa chotengeracho pali fumbi la ufa kapena timaulusi tonga ta kangaude, ndipo mununkhize. Mtedza wonunkha chuku, wofota kapena wowawa musaugule, chifukwa chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa.

Zakudya zapamwamba zili ndi malamulo awonso. Mafuta a olivi olembedwa kuti extra virgin ndi amene asidi wake sapitirira 0.8 pa 100, ndipo amaonongeka ndi kuwala ndi kutentha, choncho botolo limene lakhala pa windo poomba dzuwa lisiyeni, musankhe lakuda lokhala ndi deti losonyeza kuti mafutawo anapangidwa posachedwa. Tchizi wa Parmigiano Reggiano weniweni amapangidwa m'dera limodzi la kumpoto kwa Italy, amasungidwa miyezi yosachepera 12, ndipo dzina lake limadindidwa ndi timadontho pa khungu lake, motero pemphani kuona khungulo asanakudulireni. Amayi oyembekezera apewe mkaka wosawiritsa ndi tchizi wofewa wopangidwa ndi mkaka wotero chifukwa cha tizilombo ta Listeria, ndipo mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi, ngakhale utakhala wabwino chotani.

Pa mapaketi ambiri pamalembedwa madeti a mitundu iwiri. La best before limatanthauza kuti likadutsa chakudya chingayambe kuchepa kakomedwe koma chimadyekabe ngati chasungidwa bwino, ndipo eni sitolo ena amatsitsa mtengo wa katundu wotere. La use by, limene limapezeka pa nyama, nsomba ndi zamkaka, silofunika kulinyozera, likadutsa chakudyacho musadye. Zakudya zozizirazi muzizitenga pomaliza mukatsala pang'ono kulipira, mugwire paketi kuti mumve ngati ikuziziradi, muziike m'chikwama chosiyana ndi cha ndiwo zodya zosaphika, ndipo zilowe m'firiji yosapitirira madigiri 5 pasanathe maola awiri chizigulireni.