Momwe mungaonetsere abale ochokera kumudzi mzinda wa Pretoria m'nyengo ya masika

Mayi kapena malume akayenda ulendo wa basi wa masiku awiri, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge mpaka kutsikira pa Park Station ku Joni, si bwino kuti mwezi wonse authere m'kachipinda ka lendi ku Rosettenville kapena ku Yeoville akuonera TV pomwe inu muli kuntchito. Apezereni tsiku limodzi lokaona Pretoria, likulu lomwe kuli maofesi a boma la South Africa, makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa Joni. Malichi mpaka Meyi ndiyo nthawi yabwino: mvula ya mabingu yachepa, dzuwa silikuotcha, ndipo chisanu cha Juni sichinafike.

Yambani ndi pasipoti. Mmalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30 popanda viza, choncho onani deti lomwe adinda pa Beitbridge, ndipo ulendowu muuike mkati mwa masikuwo. Pasipotiyo ayende nayo, isatsale m'sutikesi.

Kenako sankhani tsiku. Loweruka ndi labwino, komanso pali maholide a pa 27 Epulo ndi pa 1 Meyi omwe ambiri aife sitipita kuntchito. Auzeni avale juzi m'mawa chifukwa Joni ndi yokwera ndipo kumazizira, koma ikhale yovulika msanga poti Pretoria ndi yotsika, masana kumafunda. Nsapato zikhale zafulati.

Pa kayendedwe, mateksi alipo ndipo ndi otchipa, koma ine ndimati ngati thumba likulola, akwezeni sitima ya Gautrain. Kuchoka pa Park Station kudutsa Rosebank, Sandton, Midrand ndi Centurion kukafika Pretoria ndi mphindi pafupifupi 40, ndipo kwa munthu amene sanakwerepo sitima yoyenda pansi pa nthaka, chimenecho pachokha n'choonera. Aliyense akhale ndi khadi lake. Musaiwale kuwachenjeza kuti m'sitimamo saloleza kudya kapena kumwa, ngakhale chingamu, ndiye mtedza wokazinga womwe amayi amanga pa nsonga ya chitenje udikire kaye.

Mukatsika, itanani Bolt kapena Uber ikusiyeni ku Union Buildings. Apa ndi pofunika kusafulumira. Nyumbazi, zomwe anajambula Herbert Baker ndipo zinatha kumangidwa mu 1913, zili pa phiri la Meintjieskop, ndipo munda wake ndi wa masitepe ambiri. Muuzeni dalaivala akutsitseni kumtunda kuti akuluakulu aziyenda motsetsereka, mawondo asawawe. M'maofesimo simungalowe poti ndi a pulezidenti, koma kumundako salipiritsa. Ndi pomwepa pomwe Nelson Mandela analumbiritsidwa pa 10 Meyi 1994, ndipo chifanizo chake cha mamita 9, atatambasula manja, chinatsegulidwa pa 16 Disembala 2013, patangopita tsiku limodzi chimuikireni m'manda. Ajambuleni ataima pansi pake, muonetsetse kuti chifanizo chonse chalowa m'chithunzi, chifukwa chimenechi ndi chomwe chikazungulire pa WhatsApp kumudzi. Mukatero yalani chitenje pa kapinga, mutsegule zakudya zomwe mwatenga kunyumba, mpunga ndi nkhuku kapena mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki, akuluwo apume akuyang'ana mzinda uli pansi apo.

Mphamvu zikatsala, tsikirani ku Church Square. Pakati pali chifanizo cha Paul Kruger, mtsogoleri wakale wa Mabunu, ndipo kumbali kuli Palace of Justice, khoti lomwe Mandela ndi anzake anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse mu Juni 1964. Kuionera panja kukukwana. Foni ikhale m'thumba pomwe simukujambula, ngati mmene timachitira m'tauni ya Joni. Ngati mwatenga ana, malo osungirako nyama a National Zoological Garden sali patali, koma kumeneko amalipiritsa ndipo kumafuna theka la tsiku, ndiye musankhe chimodzi. Kuunjika malo anayi pa tsiku limodzi kumangotopetsa mlendo.

Pofika 4 koloko yambani kubwerera kusiteshoni. Kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo muyenera kukakhala mutakwera kale teksi yopita kunyumba kuchokera pa Park Station kusanade.