Mukapeza kamera yokhala ndi kiyi pa FamilySearch

Akaunti ya FamilySearch, webusaiti yofufuzira mbiri ya makolo m'zikalata zakale, ndi yaulere, koma si zikalata zonse zimene zimatseguka muli pakhomo. Yambani mwalowa mu akaunti yanu, chifukwa zina zimaoneka zokhoma pomwe vuto ndi loti simunalowe. Kenako dinani Search, musankhe Catalog, mulembe dzina la malo, osati la munthu. Ngati agogo anamwalirira ku Zimbabwe, yesaninso dzina lakale, monga Salisbury m'malo mwa Harare.

Mukatsegula mndandanda wa zikalata za malowo, pambali pa mzere uliwonse pali kachizindikiro. Kamera yokha ikutanthauza kuti zithunzi mutha kuziona pomwepo. Kamera ikakhala ndi kiyi pamwamba, ndiye kuti eni zikalatazo, kaya ndi boma kaya ndi mpingo, anaika malire pa mgwirizano wawo ndi FamilySearch. Zithunzizo ziliko ndithu, poti ntchito yosamutsira mafilimu 2.4 miliyoni a zithunzi za zikalata pa kompyuta inatha mu 2021. Chatsekedwa ndi chitseko chabe.

Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama ya basi. Dinani kiyiyo muwerenge uthengawo mpaka kumapeto. Ukatchula FamilySearch Center yokha, musavutike kupita ku laibulale wamba, sizikatseguka. Ukatchulanso Affiliate Library, laibulale imene inalembetsa ku FamilySearch ikwanira. Malo a FamilySearch Center ambiri ali m'nyumba zopemphereramo za mpingo wa Latter-day Saints, ndipo aliyense amaloledwa. Koma amene amatsegula ndi anthu ongodzipereka, masiku ochepa pa sabata, choncho imbani foni musananyamuke.

Ntchito yofufuza itherenitu kunyumba. Lembani papepala nambala ya gulu la zithunzi za filimuyo, imene amaitcha DGS, pamodzi ndi zaka zimene mukufuna. Filimu imodzi imatha kukhala ndi zithunzi zoposa 1,000, ndipo nthawi ya pa kompyuta ya ku laibulale sichedwa kutha.

Mukafika, FamilySearch imazindikira malowo kudzera pa intaneti yawo. Ngati mwatenga laputopu kapena foni yanu, lumikizani ku Wi-Fi ya laibulaleyo, muzimitse data ndi VPN, mulowenso mu akaunti. Zikakanabe, khalani pa kompyuta yawo.

Tengani fulashi. Zithunzi zina salola kuzikopera, ndiye lembani mawu onse pamanja, osaiwala nambala ya DGS ndi ya chithunzicho, chifukwa mukabwerera kunyumba tsambalo likhala lokhomanso.