Mmene mungajambulire rock yomveka ngati yakale koma ili yanuyanu

Malume anga a ku Chilomoni, omwe adapuma pantchito zaka zingapo zapitazo, sacheukira nyimbo za masiku ano ngakhale zitalira pakhomo pawo penipeni. Koma Loweruka lina, anyamata a nyumba yoyandikana nawo akuyeserera nyimbo ndi gitala yolira mokhakhala ngati nsalu ikung'ambika, malumewo adasiya keni yothirira mpiru pakati pa bedi, nakakhala pakhonde mpaka anyamatawo atamaliza. Nyimboyo anali asadaimvepo, pakuti idapekedwa sabata yomweyo. Chomwe adachizindikira chinali kamvekedwe ka gitalayo, komwe kadawabwezera ku zaka za m'ma 1970, pomwe iwo anali mnyamata wovala buluku lotambalala kumiyendo.

Mphamvu ya rock yomveka mwachikale yagona pamenepa, pa kupukwa. Mawu oti nostalgia, omwe Azungu amatchulira kupukwa kotereku, adawapeka ndi Johannes Hofer mu 1688, pofotokoza matenda a anthu a ku Switzerland omwe ankafooka chifukwa cholakalaka kwawo. Akatswiri a maganizo adapeza kuti munthu amakumbukira kwambiri nyimbo zomwe adazimva ali wachinyamata, ndipo kafukufuku wa pa yunivesite ya Cornell, yemwe adatuluka mu 2013, adaonetsa kuti achinyamata amakondanso nyimbo za nthawi yomwe makolo awo anali achinyamata, zija ankazimva m'nyumba ali ana. N'chifukwa chake mnyamata wobadwa mu 2003 akhoza kupukwa nyengo yomwe sadaione. Ngati ndinu woyimba kapena wojambula nyimbo muno mu Blantyre ndipo mukufuna kugwiritsa ntchito mphamvu imeneyi, ntchito yoyamba siili pa kompyuta.

Yambani ndi kudzifunsa kuti mukufuna kudzutsa kupukwa kwa ndani. Ambiri amathamangira kutsanzira magulu a ku London ndi ku America, kuiwala kuti munthu wa ku Bangwe kapena ku Zingwangwa sadakulire m'mabwalo a ku England. Iye adakulira pa wailesi ya MBC, yomwe kwa zaka zambiri inali yokhayo m'dziko muno, ndipo oyimba ambiri ankajambulira nyimbo zawo m'situdiyo zake. M'makutu mwake muli gitala ya Daniel Kachamba ndi ya Robert Fumulani a ku Chileka, muli Kalimba ndi Makasu, mulinso kaseti yozungulitsidwa ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire. Kwa anansi athu a ku Zambia kudali Zamrock, chamba chomwe magulu ngati WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family adachikuza m'zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Iwo adatenga gitala yokhakhala ya Azungu n'kuikhazika pa kaimbidwe ndi zilankhulo za kwawo, Chinyanja chili pomwepo, ndipo mbale zawo zitasindikizidwanso kunja patapita zaka pafupifupi makumi anayi, anthu omwe sadapondepo ku Kitwe adazilandira ndi manja awiri. Kwa ine, woyimba wa ku Blantyre ali ndi zambiri zoti aphunzire kwa Paul Ngozi, mtsogoleri wa Ngozi Family, kuposa kwa Led Zeppelin, gulu lotchuka la rock la ku England. Sankhani nyimbo zitatu kapena zinayi za nyengo imodzi, muzimvere kwa sabata yathunthu, ndipo muzilemba papepala zomwe mukumva: ng'oma zili kutali kapena pafupi, mawu a woyimba akubwereza kapena ayi, gitala ya besi ikugunda kapena ikungolira motalika.

Mukatero, sonkhanitsani gulu lonse m'chipinda chimodzi. Apa ndiye pomwe ambiri amagonjera, chifukwa tidazolowera kujambula chida chimodzichimodzi pa pulogalamu ya pa kompyuta ya FL Studio, ng'oma n'kuzikonza pa kompyuta kuti zisaphonye ngakhale pang'ono. Magulu akale analibe mwayi umenewo. Ngakhale The Beatles a ku England mu 1967 ankajambulira pa makina a tepi a njira zinayi zokha zojambulirapo mawu payekhapayekha, ndipo magulu ambiri a kuno ku Africa ankalowa m'situdiyo onse pamodzi, kuimba nyimbo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wina akalakwitsa onse n'kuyambiranso. Zotsatira zake n'zakuti liwiro la nyimbo limakwera pang'ono pofika pa kolasi, limatsikanso pa vesi, ndipo kulira kwa ng'oma kumalowerera mu maikolofoni ya gitala. Khutu la munthu wamkulu limazindikira kupuma kumeneku msanga kuposa china chilichonse. Choncho zimitsani kachipangizo kowerengera liwiro, yesererani mpaka nyimbo ikhazikike m'manja, kenako jambulani maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi n'kusankha ulendo womwe uli ndi moyo, ngakhale mutakhala kolakwika kakang'ono. The White Stripes a ku America adachita zofananazo pojambula chimbale chawo chomwe chidatuluka mu 2003, pomwe adasankha situdiyo ya Toe Rag ku London, yogwiritsa ntchito tepi ya njira zisanu ndi zitatu popanda kompyuta.

Chipinda chisakudetseni nkhawa kwambiri. Cha njerwa chokhala ndi simenti pansi chimabweza mawu mopyoza, koma matiresi awiri oimika kukhoma, mabulangete pazenera ndi mkeka pansi pa ng'oma zimathetsa vutolo. Chokhacho chomwe simungalimbane nacho ndi mvula pa malata, kotero ngati nyumba ilibe siling'i, jambulani m'miyezi ya chilimwe.

Ng'oma zimafuna nthawi yochuluka kuposa zida zina zonse. Musaike maikolofoni pa ng'oma iliyonse. Glyn Johns, yemwe adajambula magulu akuluakulu a rock ku England, adatchuka ndi njira ya maikolofoni atatu kapena anayi okha: imodzi patsogolo pa ng'oma yaikulu yopondedwa, ina pamwamba pa ng'oma yaing'ono ya pakati, ina chakumbali kwa ng'oma yoima pansi, ndipo ziwiri zomalizazi zizikhala pa mtunda wofanana kuchokera pakati pa ng'oma yaing'onoyo. Yezani mtundawo ndi chingwe, osati ndi maso, chifukwa mukaphonya, kulira kwa ng'oma kumaonda. Kuti ng'oma zilire mwachidule ndi mouma monga za m'ma 1970, yalani kansalu kopyapyala pamwamba pake, monga ankachitira Ringo Starr, woimba ng'oma wa The Beatles, ndi tinsalu topukutira mbale. Ine ndidaona kachidutswa ka chitenje chakale, komatidwa ndi selotepi m'mphepete, kakusintha ng'oma yobwereka ku tchalitchi mwa njira yomwe pulogalamu iliyonse ikadalephera. Mu ng'oma yaikulu ponyanimo pilo.

Gitala ijambulidwe kudzera pa amplifaya ndi maikolofoni, osati kuilumikiza molunjika ku kompyuta. Amplifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka iyambe kusasa mawu imamveka bwino kuposa yaikulu yotsitsidwa, ndipo maikolofoni ya Shure SM57, yomwe yakhala ikupangidwa kuyambira 1965, ndi yokwanira mukaiika pafupi ndi sipika, chakumbali pang'ono kwa pakati pake. Kukhakhala kuja malume adakuzindikira kumachokera ku kabokosi kopondedwa ka fuzz, komwe kadafala m'zaka za m'ma 1960, ndipo mkati mwake muli matiranzisita awiri kapena atatu basi, moti wokonza mawailesi waluso wa ku Ndirande akhoza kukupangirani mukamupezera chojambula cha kalumikizidwe kake. Ngati mwapeza amplifaya yakale ku Limbe kapena mwatumiziridwa ndi m'bale, werengani zolembedwa kumbuyo musanailumikize. Zochokera ku America zimafuna magetsi a mphamvu ya 110 mpaka 120, pomwe athu ndi a 230, ndipo mnzanga wina adaona utsi ukutuluka mu amplifaya yomwe adaidikira miyezi inayi, asadaimbepo ndi nsambo imodzi yomwe. Gitala ikamang'ung'uza chifukwa cha magetsi, tembenukani nayo pang'onopang'ono muli chiimire mpaka mupeze mbali yomwe phokosolo likuchepa, ndipo muime momwemo.

Za besi n'zachidule: musasinthe nsambo zakale, ndipo lowetsani kachidutswa ka siponji pansi pa nsambo chakumapeto kwake kuti liwu lililonse lizigunda n'kuzima.

Mawu a woyimba asawongoledwe ndi pulogalamu ya Auto-Tune, yomwe idabwera mu 1997 ndipo khutu limaizindikira nthawi yomweyo. M'malo mwake woyimba aimbe kawiri, mawu awiriwo muwaphatikize, kapena muwonjezere kubwereza kumodzi kofulumira, kotalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, komwe Sam Phillips adatchuka nako ku Sun Studio ku Memphis m'zaka za m'ma 1950. Posakaniza, chepetsani pang'ono mawu okwera kwambiri ndi otsika kwambiri, besi ndi ng'oma yaikulu zikhale pakati monga zinkakhalira pa mbale za galamafoni, ndipo musafinye nyimbo kuti ikhale yaphokoso kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mapulogalamu otsanzira tepi amathandiza akagwiritsidwa ntchito pang'ono. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kuthira dala phokoso la kaseti kapena kuthetheka kwa mbale yokandika pamwamba pa nyimbo, chifukwa ojambula akale ankalimbana ndi phokoso limenelo usana ndi usiku, ndipo wamkulu aliyense akalimva amangoganiza kuti wailesi yawonongeka.

Patsala nyimbo yeniyeniyo. Kamvekedwe mukhoza kubwereka, koma mang'ombe ndi mawu a nyimbo ya wina ndi katundu wa mwini wake pansi pa lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo yanu mukamaliza ndi bwino kukailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso m'dziko muno. Kupatula za lamulo, kutsanzira kopyola muyeso kumatopetsa. Gulu la ku America la Greta Van Fleet lidapata mphoto ya Grammy mu 2019, komabe mpaka lero nkhani yake ikayamba, anthu amafulumira kutchula Led Zeppelin. Imbani m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, ndipo imbani za lero: lendi ya nyumba ku Machinjiri, mzere wa mafuta, m'bale yemwe adapita ku Johannesburg n'kuleka kuimba foni. Nkhani ikakhala ya chaka chino pomwe gitala ikulira mwa 1975, wachikulire amabwera chifukwa cha gitala, wachinyamata amakhala chifukwa cha nkhaniyo.

Musanaitulutse, iyeseni pa kawailesi kakang'ono ka sipika imodzi, kaja kolowetsa memori khadi, chifukwa ndimo momwe ambiri adzaimvere. Kenako ipititseni kwa munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, osamuuza kanthu za nyimboyo. Akayamba kukufotokozerani za dansi ina yomwe adavina ali mnyamata, musasinthenso kalikonse. Akatchula dzina la nyimbo ina yeniyeni nanena kuti ndi yomweyo, bwererani mukasinthe mang'ombe, koma ng'oma ndi magitala muzisiye momwe zilili.